Zikhomo za Pansi pa Mkuyu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera atsibweni, amene anali mesenjala pa boma la Ntcheu. Ndinali nditangochoka kusekondale, ndipo Mzungu woyeza malo ankafuna munthu wodziwa Chingerezi ndi manambala. Kumtunda kwa msika kunkayenera kumangidwa nyumba za akalaliki ndi amesenjala mvula isanagwe. Ndinakondwa, chifukwa imodzi inali ya atsibweni. Imene ankakhalamo inali yodontha, ndipo khanda lawo linkatsokomola kosalekeza.

Amuna awiri ankakoka tcheni, Mzungu nkumasuzumira m'makina ake a miyendo itatu, kapitawo wathu Bambo Kachale nkumakhoma chikhomo pamene walozeredwa. Ine ndinkabwera pambuyo ndi kachitini ka penti wofiira, kulemba nambala pa chikhomo chilichonse. Oumba njerwa anali atatsuka kale zikombole.

Masiku amenewo anthu ankaopa kuti boma la chitaganya liwalanda minda, choncho tisanayambe Mzungu anaitanitsa amuna a m'mudzi wapafupi. Anati ndifunse ngati pamalopo panali manda. Onse anati ayi, manda ali kutsidya. Nkhani inathera pomwepo, poti tinali pachangu.

Kenaka zikhomo za mzere wakumunsi, pafupi ndi mkuyu wa m'mbali mwa khwawa, zinayamba kuzulidwa. Tinkazipeza m'mawa ataziunjika bwinobwino pamwala. Tikakhomanso, mawa lake chimodzimodzi. Bambo Kachale anati ndi zandale, ndipo Mzungu analumbira kuti zikazulidwanso aitana apolisi, amuna a m'mudzimo akagone m'ndende. Ine ndinkachita mantha. Anthu ankandiona ndi penti m'manja, ndipo ankadziwa kwathu.

Tsiku lina tinapeza amayi atakhala pansi kuzungulira mkuyuwo, chete, atatambalitsa miyendo pamene pankadutsa tcheni. Amuna okoka tcheni aja anaima patali. Mzungu anatuma ine.

Ndinapita, nkugwada chapatali. Wamkulu wawo, Anangozo, ankadziwana ndi amayi anga. Anandifunsa ngati sukulu inandiiwalitsa kuti ndine mkazi.

"Munafunsa amuna za manda," anatero motsitsa mawu. "Nanga nthayo imapita kumanda, mwana iwe?"

Mwana wobadwa atafa kale saikidwa m'manda. Amatayidwa ndi akazi okha, popanda kulira maliro, ndipo amuna sauzidwa malo ake. Amuna a m'mudzi aja sananame. Pansi pa mkuyu paja panali ana a amayi amenewo, ndi a Anangozo omwe. Ine wosabereka sindinayenere ngakhale kumva zimenezi, ndipo anandiletsa kuzitchula amuna akumva.

Nditabwerera ndinalankhula ndi Mzungu m'Chingerezi, chapansipansi, kumupempha kuti asunthe mzerewo. Bambo Kachale atafunsa chimene ndikubisa, ndinangoti ndi nkhani ya amayi, iwo nkuyang'ana kumbali osafunsanso. Mzungu anafiira nkhope. Anati kusuntha mzerewo ndi kuyezanso mbali yonse yakumunsi, ndipo mvula itipeza.

"Nyumba ya atsibweni ako ili mumzere womwewo. Ukudziwa?"

Ndinkadziwa, chifukwa nambala yake ndinalemba ndine. Ndinamuuza kuti ngakhale atamanga, palibe mkazi wa kuno amene angalole kugona pamenepo, ndi azakhali anga omwe. Ndinkadikira kuti andichotsa ntchito.

Sanandichotse. Anauza amuna kuti atembenuke, ine ndi Anangozo tinayenda mozungulira malowo, iwo akuloza ndi phazi, ine ndikuika miyala. Tcheni anadzadutsa kunja kwa miyalayo.

Mvula inagwa makoma akumunsi ali m'mawindo. Atsibweni anagonanso dzinja lonse m'nyumba yodontha, ndipo sankandiyankha moni. Khanda likatsokomola ndinkatuluka panja kukapemphera, poopa kuti likafa adzati ndine. Linachira chimanga chitakhwima. Zikhomo sizinazulidwenso, ndipo nyumba zitatha, amayi omwe aja ndiwo anabwera ndi dothi kudzazira makhonde.

Kuyambira pamenepo, ndikauzidwa kuti anthu onse afunsidwa ndipo avomera, sinditsegula kachitini ka penti msanga. Ndimayamba ndafunsa amene sanaitanidwe kumsonkhanoko.