Kapu ya Madzi M'mwezi wa Ramazani

Ramla sadziwa kukhala pansi, iyayi. Wodutsa pa Liwonde aliyense amamudziwa, lichero la nthochi pamutu, akuthamangira minibasi ngati yamubera mwana. Ngakhale m'mwezi wa Ramazani, kukhosi kuli gwa, amathamanga chomwecho, ndipo chikulire sanadumphepo tsiku losala.

Chaka chatha, m'mwezi womwewo, amuna ake, Che Sharifu, opalasa kabaza ku Balaka, mutu unawagwira mpaka kulira mokweza. Kuchipatala anati ndi nthenda youmitsa khosi, nawaika diripi yachikasu. Isanafike ndi pakati pomwe, bambo aja anayamba kunjenjemera, bedi lonse gwedegwede. Ramla anathamangira nesi, chitenje chikukwekwereka pansi.

"Mukundiphera munthu inu!"

"Khalani kaye pansi, mayi," anatero nesiyo, dzina lake Bernadetta. Ramla sanakhale. "Mankhwalawa amaboola timabowo pakhungu la tizilombo toyambitsa nthendayi, mchere wa m'kati mwake n'kutayika, tife. Koma sasankha bwino, amaboolanso impso za wodwala. Diripi yamadzi tiwapatsa, koma azimwanso madzi tsiku lonse, azidya nthochi zanuzo. Apo ayi, impso ziima."

Nthochi ndiye zinalipo zambiri. Vuto linali Che Sharifu, munthu wa mutu wouma kuposa chishalo cha njinga yake! Dzuwa likatuluka, pakamwa tseke. Shehe anabwera kudzawauza kuti wodwala amaloledwa kumasula, adzabweza akachira. Iwo anangotembenukira kukhoma.

"Ngati ndikupita, ndipite ndili wosala."

Ramla anazungulira wodi yonse, kupita kumpopi, kubwerera, kukalipira ntchentche, kupitanso. Mkodzo m'botolo la pansi pa bedi unkachepa, ukuderanso. Mayiyu anachita mantha, ndipo manthawo anamukwiyitsa.

Masana, dzuwa lili paliwombo, anatunga madzi kapu yodzaza, n'kukhala pabedipo. Inde, Ramla anakhala pansi.

"Bambo a Husna, tandiyang'anani. Inu Mulungu wakulolani. Ine sanandilole, ndili bwinobwino."

Anakweza kapu ija, namwa theka, anthu onse akuona, misozi ikugwera momwemo.

"Mukakana, mawa ndimwanso. Ndi mkuja."

Che Sharifu anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo ili mbuu. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno, usamalize."