Tsiku lomwe agogo anayeza dzuwa pakhoma la bafa

Fungo la mabatire otha oyanikidwa pamalata limandikumbutsa agogo anga aamuna, a Namakhwa, atakhala pakhonde kwathu ku Bangwe, wailesi ili pakhutu, utsi wa mbaula ukuwazungulira. Anali atapuma ntchito yoyeza mvula ndi mphepo. Zaka zimenezo aliyense ankakangana za zipani, koma iwo nkhani yawo inali dzuwa. Anamva pawailesi kuti dzuwa limanjenjemera ngati chikumba cha ng'oma, kamodzi pa mphindi zisanu zilizonse. Atafotokozera anzawo a pabawo, anawaseka kuti ukalamba wawalowa m'mutu. Zinawapweteka, ndipo analumbira kuti awaonetsa.

Loweruka m'mawa anamiza kalilole m'beseni la madzi, kuwala kwa dzuwa n'kugwera pakhoma la bafa. Ine anandipatsa wotchi yawo.

"Chisomo, iwe uziwerenga, ine ndizilemba ndi khala."

Kadzuwa kaja kankanjenjemeradi! Ndinathamanga kukaitana a pabawo aja, mtima uli m'mwamba, ndipo anabwera onse. Ndinawerenga mokuwa, agogo akulemba mizere, nkhope ili ngwee, ngakhale ankadandaula chapansipansi kuti likufulumira kwambiri.

Kenaka linangoima. Kuseri kwa mpanda, Mayi a Joji, aneba athu, anali atatsitsa munsi kuti apume, pakuti ankasinja chigwada. Atayambiranso, dzuwa nalo linayambiranso.

A pabawo anaseka mpaka kugwira mimba. Ine ndinalira ndi manyazi. Agogo anayang'ana mizere yawo nthawi yaitali, kenaka anatembenuka.

"Amangwetu, tayeza mtondo, ndipo tauyeza bwino. Dzuwa sitinaliyeze."

Anandipukuta misozi ndi dzanja lamakala. "Usalire iwe. Ngakhale akatswiri a makina akuluakulu oyezera dzuwa nambala yeniyeni saipeza. Usiku umawadula, mitambo imawadula, ng'omayo imazilala n'kuyambanso mwina. Amangoyandikira akamvetsera nthawi yaitali."

Masana omwewo anapita ku bawo, kumene anawapatsa dzina loti a Dzuwa, ndipo ankavomera mpaka imfa yawo.

Lero ndine namwino. Ndikagwira mkono wa wodwala, ndimawerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, ndipo sindigwiritsa ntchito chala chachikulu, chifukwa nacho chimagunda. Ndikapeza nambala yondisangalatsa, ndimayamba ndafunsa ngati ndamva mtima wake kapena wanga.