Mpeni Umene Ndinausiya M'makina a Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene makina oyamba analowa m'nyumba mwathu ku Shawlands. Linali Loweruka la mvula yowaza, ija ya ku Glasgow imene siyamba ndipo siitha. Ndinamva amuna akubuula pamasitepe, akulangizana m'Chichewa kuti uko tsitsa, uko kweza. Nditasuzumira pansi ndinaona bambo anga ndi azibambo awiri a kutchalitchi kwathu atanyamula chibokosi chakuda, chachitali kuposa munthu, atachigoneka chagada. Ife tinkakhala pamwamba penipeni, choncho chinatenga nthawi kuti chifike. Mayi anga anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Tiya, mwatibweretsera bokosi la maliro?"

Palibe anaseka. Azibambo aja anachiimika m'kachipinda kakang'ono koyandikana ndi changa, anamwa tiyi mwachangu n'kumapita.

Mayi anali namwino, ndipo ndiwo anayamba kubwera kuno. Ine ndi bambo tinawatsatira patapita zaka ziwiri. Ku Limbe bambo anali ndi kashopu kawo kokonzeramo mawailesi ndi ma TV, ndipo anthu ankangowatchula kuti amisiri. Kuno luso lawo palibe analifunsa. Anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, yowasambitsa ndi kuwadyetsa. Sankadandaula, koma mawu awo ankachepa chaka ndi chaka, mpaka tinazolowera kudya nawo ali phee ngati mlendo wamanyazi.

Tsiku limenelo analankhula kuposa mwezi wathunthu. Anati podutsa ku Partick anapeza shopu ya tchipisi ikutsekedwa, anthu akutulutsa katundu wokataya, ndipo pakati pa mipando yothyoka panali makina a masewera awa, aja oponyamo ndalama yachitsulo, okhala ndi sikirini, kandodo kowongolera ndi mabatani awiri ofiira. Anati ali mwana makina ofanana nawo analipo m'sitolo ina ku Limbe, ndipo iwo ankangoonera pawindo ana a anthu olemera akusewera, mlonda akawaona n'kuwathamangitsa. "Sindinawakhudzepo ndi tsiku limodzi lomwe," anatero. Mwini shopu uja anangowauza kuti ngati angathe kuwanyamula, atenge. Pa anthu onse otolera makina otere amene ndakumana nawo chikulireni, ambiri anayamba chomwechi: sanakhale pansi n'kuganiza zotolera kanthu, anangokumana ndi chinthu chimene chinawadutsa ali ana, chili pafupi kutayidwa.

Ine makinawo sindinawakonde poyamba. Ankanunkha mafuta okazingira akalekale, fodya ndi chinyezi, ndipo fungolo linkalowa mpaka m'mabulangete anga. Pambali pa mabatani panali zipsera za ndudu zimene anthu ankatsamiritsapo. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali sikirini: ngakhale itazimitsidwa, ukayang'anitsitsa unkaonamo zilembo zotuwa zimene zinapsereramo, ngati makinawo akukumbukirabe anthu amene anamwalira kale. Bambo akayatsa, ankalira chapansipansi ngati njuchi zili m'mphanga, ndipo ukayandikiza mkono pagalasi ubweya unkaima.

Madzulo ena bambo anandiitana, atatsegula chitseko chakumbuyo kwa makinawo.

"Tiya, kumbuyo kuno usadzayerekeze kulowetsako dzanja. Ngakhale pulagi itazulidwa. Ndiponso ine kulibe, osayatsa. Wamva?"

Ndinavomera m'Chingerezi changa cha ku Glasgow, monga ndinkachitira masiku amenewo.

"Undiyankhe m'Chichewa, ndidziwe kuti zalowa."

"Ndamva, adadi."

Chifukwa chake sanandiuze, inenso sindinafunse.

Anakonza makinawo kwa milungu ingapo, akaweruka kuntchito ndi Loweruka lililonse. Anayambanso kuimba mluzu nyimbo za kutchalitchi. Tsiku limene chithunzi chinaoneka, kandege kakang'ono kakuwombera tizinthu totsika kuchokera pamwamba, bambo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo mayi anachoka kukhitchini kudzaona ngati analidi iwo. Anandipatsa mpata, ndinasewera, ndipo mantha anga onse anasanduka dyera. Iwo n'kuti atayamba kale kunena za makina achiwiri amene munthu wina ku Pollokshields ankasunga m'galaja.

Lachitatu lina m'nyengo yozizira ndinabwera kusukulu n'kupeza m'nyumba mulibe munthu. Onse awiri anali pashifiti. Ndinadziuza kuti ndisewera kamodzi kokha. Ndinasewera kanayi. Pakati pa kachisanu ndinamva kuti thi! Chithunzi chonse chinafinyikira pakati, n'kukhala kadontho koyera, kenaka n'kuzima. Kunatuluka fungo ngati la tsitsi lowauka.

Sindinkaopa kukwapulidwa, chifukwa bambo sanandimenyepo. Ndinkaopa kuti abwerera kukhala chete kuja, ndipo wochititsa ndikhala ine. Ndinazula pulagi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti chinthu chikazulidwa kumagetsi chafa, choncho ndinaona kuti lamulo la bambo linali longoopsezera mwana. Ndinatenga mpeni wopakira batala kukhitchini, wa chigwiriro chachikasu, n'kumasulira zomangira za chitseko chija.

M'katimo munali mdima, fumbi ndi mawaya ochuluka ngati mizu. Waya mmodzi anali wonenepa, wofiira, ndipo ankathera pa kachipewa ka labala komatirira kumsana kwa chigalasi cha sikirini. Kachipewako kanaoneka kopendekeka. Ndinaganiza kuti vuto ndi limeneli, ndipo ndinalowetsa nsonga ya mpeni pansi pake kuti ndikawongole.

Sindikumbukira kugwa. Ndikukumbukira kuti ndinapezeka nditatsamira khoma la mbali ina, m'kamwa mukumveka chitsulo, mtima ukugunda mosalongosoka ngati mbalame yotsekeredwa m'katoni. Mkono wamanja unachita dzanzi mpaka paphewa, ndipo pochoka m'makinamo unakhulika pachitsulo n'kung'ambika kuyambira pamfundo ya dzanja. Mpeni unalibe m'manja mwanga. Ndinali nditaumva ukugwera pansi m'katimo, ngwe ngwe, kenaka zii.

Ndinasuzumira koma sindinauone, ndipo kulowetsamonso dzanja sindikanatha ngakhale akanandilonjeza chiyani. Ndinabwezera chitseko, n'kumanga zomangira ndi zala mmene ndinathera. Magazi ndinapukuta, bala ndinamanga ndi bandeji ya m'kabati ya mayi, n'kuvala juzi ya manja aatali.

Kuchokera Lachitatu kufika Loweruka ndi masiku atatu okha, koma sindinakhalepo ndi masiku aatali ngati amenewo. Bambo anali ndi mashifiti otalika, moti m'kachipinda muja sanalowemo. Ine ndikamadutsa pakhomo pake ndinkafulumira. Ndinkadziuza kuti mpeni ndi kanthu kakang'ono, ungogona pansi pamenepo mpaka kalekale. Lachinayi mayi akutsuka mbale anafunsa kuti, "Kodi mpeni wachikasu uja uli kuti?" Ndinangokweza mapewa. Lachisanu bambo anandiuza kuti ndipempherere chakudya, ndipo ndinalekezera pakati, mayi n'kumalizitsa okha. Anandigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi. Mkono unkagunda pansi pa juzi ngati uli ndi mtima wakewake.

Loweruka m'mawa bambo anamwa tiyi akuimba mluzu, n'kulowa m'kachipinda muja ndi bokosi lawo la zipangizo. Ndinawatsatira n'kuima pakhomo. Atagwira chomangira choyamba, chinazungulira chokha. Anaima, n'kutembenuka.

"Tiya, wagwirako kuno?"

Ndinakana. Ndinakana m'Chingerezi, mofulumira, ndikuyang'ana kapeti. Anandiyang'ana kamphindi, kenaka anagwedeza mutu n'kunena kuti mwina anaiwala okha kumangitsa. Anandikhulupirira, chifukwa ndinali ndisanawanamizepo.

Analowetsa pulagi. Makina anayamba kulira, koma chithunzi sichinabwere. Anagwada, tochi kudzanja lamanzere, ndipo ndi lamanja anagwira chitsulo cha m'mbali kuti atsamire posuzumira. Pakamwa panga panali potsegula, mawu ali pafupi. Ndinachedwa.

Sanakuwe. Anangotulutsa kamawu ngati munthu wotsamwa, thupi lonse n'kuuma, tochi n'kugwa. Dzanja lawo linakanirira pachitsulo, phazi likumenya pansi lokha. Kulira kwa makina kunakwera. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Mwina kuphethira kuwiri. Kenaka ndinadziponya pansi n'kukoka waya wa pulagi ndi manja onse awiri. Bambo anagwera chammbali, ndipo m'chipindamo munadzaza fungo la nyama yopsa.

Mayi anafika akuthamanga. Sanalire, sanafunse kanthu. Anagwada, anawagwira pakhosi, anawaitana dzina lawo lenileni limene sindinawamvepo akulitchula, kenaka anandiuza kuti ndiimbire ambulansi. Bambo anatsegula maso ambulansi isanafike.

Anagona kuchipatala masiku awiri akuwayang'anira mtima. Chikhatho chinapsa kwambiri, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja, limene ankagwirira ntchito yawo yonse, sizinapindikenso bwino. Anthu a kutchalitchi atabwera kudzazonda anandiyamikira kuti ndine mwana wanzeru, ndapulumutsa bambo anga. Amayi ena anandikumbatira n'kundipanikiza pabala pomwe, ine n'kungoluma mano. Bambo ankauza aliyense mawu amodzimodzi: "Ndakalamba ine. Zaka zonsezi ndikugwira magetsi, ndalakwitsa ngati wophunzira." Ndinawamva akunena zimenezi katatu, ndipo katatu konse ndinakhala chete. Mayi anagamula kuti chibokosicho chichoke m'nyumba sabata isanathe, ndipo bambo sanatsutse.

Lamulungu lotsatira, titabwerako kutchalitchi, bambo analowa okha m'kachipinda muja n'kutseka chitseko. Anati akufuna angodziwa chimene analakwitsa makinawo asanatayidwe. Anakhalamo nthawi yaitali. Titakhala patebulo kuti tidye mpunga ndi nyemba, anabwera, anakhala pansi, ndipo ndi dzanja lamanzere anaika chinthu pambali pa mbale yanga. Unali mpeni uja. Nsonga yake inali yakuda, yosungunuka mbali imodzi, chigwiriro chachikasu chitachita matuza.

Panja basi inadutsa, mawindo n'kunjenjemera. Ndinapinda dzanja la juzi pang'onopang'ono n'kumasula bandeji. Bala linali litatupa, likutuluka mafinya. Mayi atangoliona anagwira pakamwa.

"Mwana iwe! Mayi ako namwino, iwe n'kumaola mkono m'nyumba momwemo? Ukanafa tsiku limenelo tikanakupeza bwanji?"

Ndinafotokoza zonse, m'Chichewa, ndikulira. Bambo anamvetsera mpaka pamapeto. Kenaka anandiuza modekha kuti chigalasi chija chimasunga moto ngakhale makina atazimitsidwa, nthawi zina kwa masiku, ndipo ndi umene unandimenya. Anati mpeni unagwera pamene pamalowera magetsi, n'kuwalumikiza ku chitsulo chimene iwo anagwira.

"Ndinakuletsa osakuuza chifukwa chake. Kulakwa kumeneko n'kwanga, ndipo ndikupepesa. Kuyatsa makina ndi kutsegula kumbuyo, ndi chibwana, ana amatero." Anapuma pang'ono, akuyang'ana dzanja lawo lomangidwa. "Koma ndinakufunsa, Tiya. Ndinakufunsa ndisanagwade."

Chilango changa anachisankha ndi mayi. Anapita nane kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nditachira pang'ono anandipatsa ntchito yotsuka ndi kumanga bala la bambo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, iwo ataima pambali. Ndinkaona khungu lofiira lija likudzikoka, zala zikukana kupinda, bambo akuyang'ana kudenga kuti ndisaone kuti zikuwawa. Ndikanakonda chikwapu.

Makina aja sanatayidwe. Bambo anapempha mayi kuti akhale, ndipo mayi analola pokhapokha chitseko chakumbuyo kwa makinawo chikhale ndi loko. Dzanja litapola bambo anapeza kuti sangathenso kugwira tizipangizo tating'ono, ndipo tsiku lina anandiitana. Anandiphunzitsa kutulutsa moto wa m'chigalasi ndi waya womangirira kuchitsulo, dzanja limodzi lili m'thumba, mpaka umve kuti thi, kenaka kubwerezanso ngakhale wamva kale. Iwo ankaloza, ine n'kumagwira. Makina a ku Pollokshields aja tinakatenga limodzi chaka chotsatira. Lero ndili nawo asanu ndi awiri m'galaja imene ndimachita lendi, ndipo bambo, amene anapuma ntchito, amabwera Loweruka kudzakhala pampando n'kumanditsutsa.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsoka lija linabwera chifukwa cha kusamvera. Tsopano ndikuona kuti kusamvera kwanga kunangong'amba mkono wanga. Chimene chinalemaza bambo n'chakuti ine ndinkadziwa chinthu chimene iwo sankachidziwa, ndipo ndinasankha kusunga nkhope yanga n'kuwasiya agwade. N'chifukwa chake makina alionse ochoka m'manja mwanga ndimawamata pepala m'kati, lolembapo zonse zimene ndagwira, ndi zimene ndalakwitsa zomwe, kuti wodzatsegula pambuyo panga asalowe mumdima.

Bambo anandikhululukira kalekale, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Koma mpaka lero akandifunsa funso, ngakhale laling'ono ngati loti ndazula pulagi kapena ayi, ndikayankha amadikira pang'ono asanatambasule dzanja. Iwo sadziwa n'komwe kuti amatero. Ine ndimakamva kamphindi kameneko nthawi zonse, ndipo sindidandaula nako, chifukwa ndinakaikapo ndine.