Tonde wa mayi Olive ndi mphanda yovunda

Ku Kapelula, ukafuna kudziwa ngati mtengo uli wolimba kapena unatha kale m'kati, umaitana mayi Olive. Sukulu sanapite nayo patali, koma maso ndi mphuno yawo, abale inu, sizinama. Nzeruzi anazipeza ndi misozi. Ali mtsikana, iwo ndi malemu amuna awo anali matenanti ku Lisasadzi, ndipo chigafa chawo chinagwa mvula ili pakati, fodya wa chaka chonse n'kuolera m'matope. Atalira mokwanira anapita kukaona mphanda yomwe inathyokayo. M'tsinde mwake munamera chinthu choyera, chomata ngati nkhanambo.

"Ndere n'zotuwa, ukazikanda zimayoyoka, mtengo uli gwa," amatero pophunzitsa anzawo kunkhuni. "Koma uyu ndi bowa, ngakhale alibe chipewa kapena mwendo. Amayala ngati laimu, m'mphepete muli timaulusi, fungo lake la chinyezi. Ukamuona kunja, dziwa kuti m'kati wadya kale."

Chaka chatha mkamwini wawo, Vincent, anamanga chigafa chachikulu ndi mitengo yozula pa chigafa chakale cha mnzake. Mnyamata wolimbikira, koma womva zake zokha! Kutatsala tsiku limodzi kuti ayambe kupachika fodya, mayi Olive podutsa anaona choyera chija pa mphanda yapakona. Anawerama, ananunkhiza, anakanikiza ndi chala. Chala chinalowa ngati mu buledi. Anada nkhawa, chifukwa fodya ameneyo ndiye anali chakudya cha adzukulu awo chaka chonse.

Tsono mpongozi sangaimike mkamwini n'kumuuza kuti wamanga zovunda. Ngakhale panjira amapatukirana. Anatuma mwana wawo, Tawonga, mkazi wa Vincent.

"Kawauze bambo a kwanuwo kuti mphanda yapakona yadwala."

Tawonga anabwerera atazyolika. "Amayi, akuti ndi ndere chabe, ndipo akuti zigafa si za azimayi."

"Oho! Atero? Chabwino."

Anakwiya, osabisa, koma sanakweze mawu. M'mawa mwake, Vincent ali kumunda kuthyola fodya, anatulutsa tonde wawo wonenepa uja n'kumumangirira pa mphandapo. Kenako anaika beseni la madeya poteropo, pomwe chingwe sichikanafika, iwo n'kukhala pakhonde kumasenda mtedza. Tonde anakoka kamodzi. Anakoka kawiri. Kachitatu kunamveka kuti phwa! Mphanda inaduka m'tsinde, ngodya ya denga n'kugwada pansi, tonde uyo ali pa madeya, chipika chikukwekwereza kumbuyo.

Vincent anafika akuthamanga, mtolo wa fodya uli paphewa. Anatola chidutswa cha mphandayo, chinafumbutuka m'manja. Anayang'ana beseni, anayang'ana chingwe, anaponya diso kukhonde, kenako anayang'ana mtolo wake nthawi yaitali.

"Mbuzi iyi ndi yamwano," anatero mayi Olive, akulankhula kwa Tawonga koma mokweza ndithu. "Kawapepesere akamwini."

M'mudzi monse nkhani inali yakuti mbuzi yagwetsa chigafa, ndipo anthu anaseka mbuziyo, osati Vincent. Iye sanatsutse. Masana anaima kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja, n'kutuma mkazi wake.

"Akuti ngati apongozi ali ndi mpata, mwina angazungulireko kuchigafa. Akuti mbuzi ingamangidwenso pa mphanda ina."

Mayi Olive anazungulira, Vincent akutsatira chapatali ndi nkhwangwa. Mphanda iliyonse ankaigwadira, kuikanda, kuinunkhiza. Pomwe apeza bowa uja ankangomangapo luzi. Anamanga zisanu ndi imodzi.

Fodya anachedwa masiku atatu, koma anauma bwinobwino, ndipo mvula ya mkuntho ya mu Malichi inachipeza chigafa chili chiimire. Mpaka lero awiriwa akakumana panjira amapatukirana monga kale. Kungoti Vincent akadula mitengo yatsopano sapita nayo kwake. Amayamba waitula pakhomo pa apongozi, m'tsinde mutaloza kukhonde.