Sanda ndi bokosi pa maliro a mayi anga

Mayi anga anabadwira ku Nselema, m'banja la Chisilamu, koma anabatizidwa ku Katolika pokwatiwa ndi bambo kwa Nsamala. Anamwalira m'mawa wa Lachinayi. Dzuwa lisanafike pamutu, atsibweni, mchimwene wawo wa mayi, anali atafika ndi sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo, m'chikwama, akuti mlongo wawo aikidwe tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu.

Bambo anali atatuma kale anthu kukagula bokosi ku Balaka, ndipo mng'ono wanga anali akadali pa ulendo kuchokera ku Mzuzu. Choncho bambo anakana. Atsibweni anatembenukira ku Chiyao, mawu akukwera, ndipo amuna amene anabwera nawo anaimirira onse. Kwaya inasiya kuyimba.

Ine ndinkaphunzitsa za zipembedzo ku sekondale. Ndinkauza ana kuti kuyambira kwa Aiguputo akale mpaka makolo athu othira nsembe, palibe mtundu umene umataya wakufa ngati chinthu wamba. Tsiku limenelo ndinangoti kakasi pakhomo. Atsibweni anandifunsa kuti ine, mwana wamkazi wachisamba, ndili mbali iti.

Amayi aang'ono, obadwa pambuyo pa mayi, amenenso anali Msilamu, anandikoka dzanja kulowa m'nyumba. Mmenemo munali amayi awiri a mpingo, madzi ofunda ali m'beseni. Anayang'anizana ndi amayi aang'ono, ine ndikuopa kuti mkangano wa panja walowa.

"Inu mumayambira pati posambitsa?" anafunsa amayi aang'ono.

"Kumutu. Ndipo sitivundukula thupi lonse," anayankha wamkulu mwa awiriwo.

"Ifenso sitivundukula. Gwirani uko."

Tinawasambitsa mayi tonse anayi, ena akunong'ona Chiarabu, ena Tikuoneni Maria. Titatha, amayi aang'ono anatuluka n'kukatenga sanda m'manja mwa atsibweni osapempha. Tinawakulunga mayi bwinobwino, ndipo bokosi litafika tinawagoneka momwemo.

Sikuti onse anakhutira. Bambo anadandaula kuti sitinawaveke yunifolomu ya bungwe lawo la kutchalitchi. Atsibweni anati bokosilo ndi mwano. Komabe sanachoke. Tinaika maliro m'mawa mwake, mng'ono wanga atafika. Kumanda atsibweni anaima patali ndi anzawo, manja atatambasula, n'kudikira kuti akatekisiti amalize. Kenako anabwera, anaponya dothi katatu, nanyamuka osadya.

Panapita zaka ziwiri tisanalankhulane ndi atsibweni. Uthenga wawo woyamba unali wondiitana ku ukwati wa mwana wawo, ndipo bambo anapita nane.