Dzanja Lachiwiri la Mayi Bonka

Kwathu ku Troyan, amene anadutsa kalasi lachinayi pa sukulu ya kutsidya kwa mlatho amakadziwa kathumba ka Mayi Bonka. Munali zitsekerero za mabotolo, chilichonse cholembedwa nambala mkati. Mayiwo ankapisamo dzanja n'kutulutsa zinayi, ndipo ana ankayenera kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa kapena kugawa manambalawo mpaka patuluke 24. Masewera ake anali omwewo basi, koma ana ankakangana ngati pamsika, ena mpaka kuiwala kudya banitsa, chitumbuwa cha tchizi, m'chikwama.

Amuna awo, a Minko, anakalambira pa chiwongolero cha basi, ndipo masamu ankawaopa kuposa apolisi a pamsewu. Gawo lawo linali kupezetsa zitsekerero, ntchito imene ankaigwira mokhulupirika Loweruka lililonse.

"Inu boma limakulipirani chifukwa choseweretsa zinyalala zanga," ankatero.

"Imwani msanga bambo, ma 7 andithera," mayiwo ankayankha.

Chaka china, nyengo yootcha tsabola wosungira dzinja, Mayi Bonka anagwa pakhonde. Anatsitsimukira kuchipatala dzanja lamanja litafa, mawu atathawa. Kumva ankamva zonse, koma akati alankhule, pakamwa pankangonjenjemera. Atabwerera kunyumba ankangokhala pawindo kuonerera ana akupita kusukulu, chakudya osachikhudza. A Minko anachita mantha. Anaona kuti chimene chiwatengere mkazi wawo si matendawo, ndi windolo.

Anavala jekete la ku maukwati n'kupita kwa mphunzitsi wamkulu, a Lyuben.

"Mwana wanga, apatseni akazi anga phunziro limodzi lokha."

"Bambo Minko, mphunzitsi wosalankhula aphunzitsa bwanji? Akakalephera pamaso pa ana, ndiye kuti tawapha."

"Nanga pawindo paja mukuti ali moyo?"

A Lyuben anapukusa mutu, koma anavomera: phunziro limodzi, iwo atakhala kumbuyo. Likakanika, nkhaniyo ithere pomwepo.

Tsikulo a Minko anaima pakhomo la kalasi, chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu. Mayi Bonka anakhutula zitsekerero zinayi ndi dzanja lamanzere: 6, 2, 3 ndi 1. Anawo masewerawa anali atawamva kwa akulu awo, choncho sanadikire kuuzidwa. Mtsikana wina wochangamuka, Ralitsa, anathamangira pa bolodi n'kulemba kuti 6 + 2 × 3 × 1 = 24.

Kalasi lonse linaomba m'manja. A Minko nawo anawerengera pa zala: 6 ndi 2 ndi 8, katatu ndi 24. Mtima unakhala pansi. Koma atayang'ana mkazi wawo, anaona nkhope imene ankaidziwa bwino, ija ya tsiku limene iwo athira mchere wambiri mu supu. Penapake panali polakwika.

Mayi Bonka anatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Anayesanso, milomo ikunjenjemera, ana ali duu kuwayang'ana. Kumbuyo kuja a Lyuben anazolika, ndipo a Minko analakalaka nthaka itang'ambika, poti amene anawabweretsa mayiwo kudzachita manyazi chotere anali iwo.

Kenaka mayiwo anadzuka, akukoka mwendo, mpaka pa bolodi. Anapinda chikhato chamanzere n'kuchiika kutsogolo kwa 6. Anayesa kukweza dzanja lamanja, koma linangolendewera. Anatembenuka n'kuyang'ana pakhomo.

A Minko anapita osadziwa chimene akuitanidwira. Mkazi wawo anawagwira dzanja, lija lokhakhala ndi chiwongolero, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika kuseri kwa 2. Ndiyeno anabwezera lawo pamalo pake. Manambala awiriwo anakhala pakati pa manja awiri, ngati mwanapiye wofungatiridwa.

Ralitsa anayang'anitsitsa, chala chili pakamwa.

"Aphunzitsi, ndaona," anatero pang'onopang'ono. "Kuchulukitsa kumayamba ndiko. Momwe ndalemberamu yankho ndi 12. Kuti 6 ndi 2 aphatikizane kaye, pakufunika mabulaketi."

Anatenga choko n'kujambula motsatira manja awiriwo, lina lowonda, lina ngati fosholo. M'kalasi munabuka phokoso, uyu akuti anadziwa kale, uyo akuti bodza, wina akufuula kuti wapeza njira ina. A Minko tsitsi linawaima. Zaka zonsezo ankagona nyumba imodzi ndi munthu ameneyu, akumuseka za zinyalala, osadziwa kuti angathe kulowetsa nzeru m'mitu ya ana popanda liwu ndi limodzi lomwe.

A Lyuben anadutsa pafupi nawo akupukuta magalasi.

"Lolemba mubwere," anatero motsitsa mawu. "Nonse awiri."

A Minko anali chiimire, dzanja likadali pa bolodi, misozi ikulowa m'ndevu.

"Mayi, ndichotse kodi?" anafunsa.

Mayi Bonka sanawayang'ane n'komwe. Anali atapisa kale dzanja m'kathumba.