Ndudu Zofupika za Apongozi Anga

Lamulo linatipeza ku Degue lili pa chipepala chomata. Analibweretsa amuna awiri a ku ofesi ya mzinda, amene kuno timawatcha mafisikali, malaya atanyowa thukuta mpaka m'chiuno. Anaima pa baraka yanga, kashopu kamalata ka m'mbali mwa msewu, n'kumata chipepalacho pamwamba pa shelefu ya sopo. Panajambulidwa ndudu, kamwana ka mutu ngati dzungu, ndi mzere wofiira wodula zonse ziwiri.

"Dona, kuyambira lero fodya kwa mwana ayi," anatero wamkuluyo. "Wosakwana zaka dezoyito, khumi ndi zisanu ndi zitatu, ayi. Tikakupezani ndi chindapusa, mukabwereza titseka."

"Nanga akakhala kuti wachita kutumidwa?"

"Womutumayo ali ndi miyendo."

Ndinaseka mpaka misozi. Anthu amenewa amakhala mu Tete momwe muno? Mwamuna wa ku Degue amene anabereka sayenda padzuwa. Dzuwa la kuno ngakhale mbuzi zimalithawa, zimakabisala pansi pa malole. Mwamuna amakhala pamthunzi, mimba pamtunda, n'kuitana mwana aliyense wodutsa, wake kapena wa mnansi. Ndudu timagulitsa imodziimodzi, ndipo osuta anga ambiri ndinkawadziwira pa nkhope za ana awo.

Koma baraka ndiyo inkatidyetsa, choncho ndinamvera, ndipo sindibisa, ndinamvera mokondwa. Wina anatumiza mwana atamuveka chipewa chake, ati ndiwo umboni. Ndinabweza mwana ndi chipewa chomwe. Dalaivala wina wa ku Malawi, amene ankagona pansi pa lole yake podikira katundu, anaimirira tsidya la msewu n'kumakuwa, "Mayi, ndine ndam'tuma! Ndioneni!"

"Ndakuonani, achimwene. Bwerani pafupi ndikuoneni bwino."

Anawoloka wopanda nsapato, akuvinavina pa phula lotentha, akutukwana mzinda wonse ndi mtsinje wake womwe. Amuna amene ndinkangomva kuti alipo ndinayamba kuwaona ndi maso.

Vuto linali kunyumba kwanga. Apongozi anga, bambo a mwamuna wanga, anatsika kuchokera kwathu ku Angonia kudzaonetsa mwendo kuchipatala, mwendo sunachire, iwonso sanabwerere. Ankaswera pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba, ndipo nyumbayo ili patali ndithu ndi msewu, kanjira kake kokhota pakati pa mipanda ya anthu. Kwathu mtengwa saimirira pamaso pa apongozi aamuna. Sitinkayang'anana, sitinkapatsirana kanthu pamanja. Mawu athu onse ankadutsa mwa mwana wanga woyamba, mtsikana amene nthawiyo anali asanamalize n'komwe sukulu ya pulayimale.

Machesi anali atawaletsa mwana wawo yemwe, atawotcha neti ya udzudzu pamodzi ndi theka la matiresi. Mwamuna wangayo anangolamula n'kukwera lole yake kunka ku Beira, kundisiyira ine lamulolo. Ndiye zinkayenda chonchi: mtsikana ankabwera kubaraka, ine n'kuyatsa nsonga ya ndudu pa choyatsira chimene ndinachimangirira chingwe kuopa akuba, iye n'kuinyamula ngati kandulo ya kutchalitchi kupita nayo kwa agogo ake. Zimenezi sindinkaziwerengera pa malonda. Munthu angagulitse bwanji kwa mwana wake?

Apongoziwo anali ndi dandaulo limodzi losatha: ndudu zafupika. Iwo analima fodya moyo wawo wonse, ankapichira chingambwe chotalika ngati chala, ndiye palibe akanawanamiza. Poyamba ankati akuba ndi a fakitale. Kenako mlandu unagwera ine.

"Amayi, agogo akuti mukumazidula ndi lezala."

"Kawauze kuti zidutswazo ndikumangira nyumba."

Sindikudziwa ngati ankakanena. Ndinkapsa mtima zedi. Fodya waulere, moto waulere, wonyamula waulere, pamwamba pake ndine wakuba!

Amene anandigwira ndi bambo wa chipewa uja. Masana ena anafika yekha, akupuma ngati ng'ombe yangolo, n'kupeza mwana wanga akunyamuka ndi ndudu yofuka.

"Aa, dona! Lamulo lanu lija ndi la ana a eni okha? Wanuyu wakwana dezoyito liti?"

Analankhula mokweza kuti ogulitsa tomato onse amve, ndipo anamva. Ku Degue nkhani sichedwa kufika kwa mafisikali. Ndinalanda nduduyo m'manja mwa mtsikana, n'kumuuza kuti akhale pabaraka. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, koma ndinalibe nthawi yofunsa.

Ndiye onani mayi wa kwaya, woimba kutsogolo Lamulungu lililonse, akuyenda m'kanjira ndi ndudu yoyaka. Pokhota pa mpanda woyamba ndinakumana ndi amayi awiri a kwaya yomweyo. Ndinabisa dzanja kumbuyo. Tinapatsana moni wautali, za ana, za kutentha, za maliro a ku Matundo, uku utsi ukukwera kuchokera kumbuyo kwa chitenje changa. Mmodzi anasuzumira, n'kufunsa mwaulemu wonse, "Mana, achemwali anga, kodi mukupsa?"

Nditafika pamtengo paja ndinagwada chapatali, n'kuika nduduyo pamwala, maso pansi. Apongozi anatembenukira kumpanda monga mwa mwambo. Nditabwerera m'mbuyo anaikoka ndi ndodo, n'kuitola. Anaiyang'ana, anaiyeza ndi chala, anaiyezanso. Popeza wotuma mawu panalibe, analankhula ndi mbuzi imene inkatola masau pansi.

"Kawauze eni baraka kuti yalero ndiye yathunthu. Akanamatero kalekale."

Ndinadziluma lilime kuti ndisaseke. Ndinayenda mpaka pokhota paja ndikusekera m'mimba, kenako kuseka kunandithera m'njira. Paketi inali yomweyo. Moto womwewo, kanjira komweko, ndipo ine ndinali nditachedwanso ndi moni wa kwaya. Ndinathamangira kubaraka.

Mtsikana ndinamupeza atakhala pa kireti ya zakumwa, atatupa ngati chule. Ndinamukokera kuseri kwa baraka, n'kumugwira chibwano, n'kununkhiza. Sindikudziwa mphuno yanga inali kuti miyezi yonseyi. M'baraka yonunkha fodya, sopo ndi usipa, mwana wako yemwe sumumva.

"Ndi ntchito yanga," anatero, misozi ili mbwee. "Mwandilanda ntchito yanga."

"Umatani nayo m'njiramu?"

"Imafuna kuzima. Ikazima agogo amakalipa. Ndiye ndimaikoka pang'ono."

"Pang'ono?"

"Pokhota paja. Ndi pampanda wa mabuloko. Ndi pampopi." Anapukuta mphuno ndi dzanja, n'kuwonjezera monyadira, monga amachitira akakhoza masamu, "Kale ndinkatsokomola, amayi. Pano sinditsokomolanso."

Ndinachita mantha amene sindinawachitepo ndi fisikali aliyense. Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumubereka kumsana ngati khanda, ndipo sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinamugwira dzanja, baraka n'kuisiya yotsegula, mpaka pansi pa mtengo wa masau. Sindinagwade. Ndinaimirira pamaso pa bambo a mwamuna wanga, n'kuwayang'ana koyamba chikwatiwire, ndipo ndinaona kuti ali ndi chipsera pachipumi chimene sindinkachidziwa.

"Bambo, wakuba wanu uja ndi uyu. Auze agogo ako zimene wandiuza."

Anabwereza zonse, mpaka za kutsokomola. Ndudu inapsa yokha pakati pa zala za mkuluyo, phulusa likugwera pa mwendo wodwala uja.

M'mawa mwake, dzuwa litayamba kale kuluma, ndinamva ndodo ikugogoda m'kanjira. Anali apongozi, akukoka mwendo, thukuta lili kamukamu, ogulitsa tomato atasiya malonda n'kumaonerera. Anafika, anagwira waya wa baraka, anapuma nthawi yaitali. Kenako analoza paketi, osandiyang'ana, n'kudziyatsira okha pa choyatsira cha pachingwe chija. Bambo wa chipewa anaomba m'manja.

Ine sindinaseke nawo. Ndinkayang'ana mwana wanga. Anali atavala kale yunifolomu, chikwama kumsana, ndipo njira ya kusukulu ili kumanja. Iye anazungulira kumanzere, kumene mphepo inkapititsa utsi wa agogo ake, n'kuima pomwepo ngati akumanga nsapato, akukoka mpweya pang'onopang'ono.